Achemwali Anatsikira Panjira

Ntchito yanga yoyamba yokhazikika ku Cape Town inali ya pa londile ina ku Maitland, pomwe tinkachapa ndi kusita mabedishiti, matawulo ndi nsalu za patebulo za m'mahotela a m'tauni. Ndinali ndisanathe chaka chichokereni kwathu ku Ntcheu, ndipo miyezi yoyambayo ndinaithera kukolopa m'nyumba za anthu ku Parklands, lero kuno mawa uko. Londileyo inali chinyumba chachitali cha malata, mawindo ake ali kudenga kokha. Kunja kukamazizira mpaka zala kuuma, mkatimo tinkachucha thukuta. Phokoso la makina linali loti ukafuna kulankhula ndi mnzako unkachita kumufika kukhutu.

Tsiku loyamba kapitawo wathu, mayi wa konkuno, anandiimika pa tebulo lopindira nsalu, n'kundilozera mayi wina wamfupi wovala mpango wakuda wophimba mpaka m'khosi. Analankhula zambiri zimene sindinamve, n'kuchoka. Ine ndinangoima njo, manja ali lende. Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandiyandikira kukhutu.

"Nsapato za pulasitiki zimenezo kuno sagulitsa. Kwanu n'kuti?"

Kumva Chichewa pakati pa phokoso limene lija, misozi inalengeza m'maso.

"Ku Ntcheu," ndinatero.

"Angoni eti. Chabwino. Ine wa ku Machinga. Gwirani uko, ine ndigwire kuno. Bedishiti sapinda munthu mmodzi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti achemwali, iwo ankanditchula kuti ang'ono. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa cha ku Ntaja. Anabwera kuno kuti adzukulu aphunzire, zaka n'kumangopita. Poyenda ankakoka phazi lamanzere, choncho usanawaone unkayamba wamva silipasi ikuti khwee, khwee pa simenti. Nthawi ya nkhomaliro ankapita kuseri kwa makina owumitsira nsalu, pomwe anayala katoni yophwasula, n'kukaswali pamenepo. Kapitawo, amene ankakalipira aliyense, pa katoni imeneyo ankalambalala.

Vuto la munthu aliyense pa londilepo ankalidziwa, wa kwathu ndi wa konkuno yemwe. Wina mwana wake akadwala, iwo ankatsalira kumaliza nsalu za mnzawoyo kuti athamangire kunyumba. M'mwezi wa Ramadhani, iwo akusala, ankabwerabe ndi kontena ya mpunga wa nyemba n'kupatsa amene wabwera chimanjamanja. Ankakhala pambali kutiyang'ana tikudya, milomo yawo itauma gwa, n'kumatilamula kuti timalize. Kachipinda kawo, kuseri kwa nyumba ina mumsewu womwe ndinkakhala inenso, sikankasowa mlendo. Mbiri yawo inali itafika m'midzi: ukafika ku Cape Town n'kusowa pogwira, kafunse pa londile ya ku Maitland.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, iwonso akanandiseka. Anali ndi pakamwa, ndipo nkhani za eni ake ankazilowa osagogoda. Akakuthandiza ankafunanso uziyendera zimene akuuza. Tinayambanapo chifukwa anauza bambo wina amene ankandifuna kuti ndili pabanja, pomwe sindinali. Nditawafunsa anangoti maso ake sanawasangalatse. Sabata imeneyo tinkapinda mabedishiti osalankhulana, aliyense atagwira nsonga zake, kuyandikirana mpaka manja kugundana, n'kubwereranso m'mbuyo, nkhope zili ndwii.

Chinathetsa mkanganowo chinali moto. Pa londilepo panali makina ositira, chigudumu chachitali chotentha chimene chimameza bedishiti mbali ino n'kukaitulutsa mbali inayo itasalala. Tsiku lina ndikuwongola nsonga yopindika, nsalu inandikola zala n'kundikokera dzanja lamanja pa chitsulo chamotocho. Sindikumbuka kuti ndinakuwa. Ndimakumbuka achemwali atamenya batani lofiira ndi chibakera, makina n'kuti zii, kenako akundikhwekhwereza kupita pa mpopi. Ananditsira madzi padzanja kwinaku akundinena m'Chiyawo. Kuchipatala anapita nane, n'kumandiyankhira zonse zimene anamwino ankafunsa.

Dzanja linakhala m'mabandeji kwa masabata angapo. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito, achemwali ankagogoda pakhomo panga ndi ndowa ya madzi ofunda. Tsiku loyamba ndinakana. Munthu wamkuluwamkulu kusambitsidwa ngati khanda.

"Manyaziwo asiyeni panja," anatero akukwinya manja a malaya. "Ine ndasambitsa akufa ambirimbiri kuno. Inu bola mumathandiza kukweza mkono."

Ndi mmene ndinadziwira kuti mayi wachisilamu wa kwathu akamwalira kuno, achemwali anali mmodzi mwa amene ankaitanidwa kukamusambitsa ndi kumukulunga m'sanda. Sanandiuzepo kale. Loweruka lina ankangosowa, Lolemba n'kubwera ali duu, akupinda nsalu mofatsa kuposa masiku onse. Dzanja langa linapola, koma chipsera chinatsala, choyera, kuyambira pa zala mpaka pamkono.

Chaka chotsatira mayi anga anamwalira. Uthenga unandipeza pa tebulo lomwe lija lopindira nsalu. Ulendo wa basi wochokera kuno ndi wa masiku, ndipo maliro sakanandidikira. Ndinati ndingomaliza ntchito ya tsikulo, poti panalibe china chimene ndikanachita. Achemwali anandilanda tawulo m'manja, n'kupita kukalankhula ndi kapitawo, ndipo tinanyamuka. Titafika kuchipinda kwanga anatulutsa bedi panja, n'kuyala zitenje pansi. Anatenga foni yanga n'kuimbira amayi a kumpingo kwathu mmodzimmodzi.

"Maliro salira munthu yekha," anandiuza. "Kaya thupi lili ku Ntcheu, siwa ikhala muno."

Amayi anabweradi, nyimbo zinaimbidwa. Achemwali sankaimba nawo. Anakhala pakhomo ndi ketulo, akuthira tiyi, akusuntha nsapato za anthu kuti zisanyowe ndi mvula. Pa nthawi yoika, mlongo wanga anandiimbira ali kumanda kuti ndimve nawo mwambo. Ndinamva nyimbo, ndinamva makasu, kenako foni inaduka. Achemwali anachoka pakhomo paja, n'kudzandigoneka mutu pamiyendo pawo. Ankanunkhira mafuta a kamfa amene ankadzola m'mawondo.

Tinagwira ntchito limodzi zaka zingapo ndithu ndisanaone kuti zinthu zasintha. Anayamba kupinda nsalu atakhala pa kreti. Mpango wawo unayamba kuoneka waukulu pankhope. Ndikafunsa ankati ndi ukalamba. Masana ena anakhala pa mulu wa matawulo oyera kuti apume. Atadzuka, tawulo lapamwamba linali ndi magazi. Analitola msanga, n'kuliponya m'makina ochapira, kenako anatembenuka, maso athu n'kuphana.

"Simunaone kanthu, ang'ono."

"Ndaona, achemwali. Zinayamba liti?"

"Kale."

"Kale liti?"

Munthu amene anaperekeza theka la Maitland kuchipatala anali asanapiteko pa zake. Ndinawaopseza kuti ndiimbira mwana wawo ku Ntaja, ndipo pamenepo m'pomwe anavomera. Tinayenda maulendo angapo, uku awajambule, uku awatenge kanyama kokayeza. Tsiku la zotsatira, dokotala wamkazi wachitsikana anatikhazika pansi, n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono. Inali khansa ya khomo la chiberekero, ndipo inali itafalikira. Anati atha kuchepetsa ululu ndi kutaya magaziko, koma kuchiza ayi. Achemwali Chingerezi ankachimva bwino, komabe anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

Ndinachita kuwauza ndekha, m'chilankhulo chathu, liwu ndi liwu. Anagwedeza mutu, n'kumuthokoza dokotala uja. M'takisi pobwerera anayamba kundiuza za mtsikana wina amene abwana ake anamuchotsa ntchito ali woyembekezera, n'kumandifunsa ngati kumpingo kwathu kulibe amene akufuna wolera ana. Ndinayang'ana pawindo, ndikudziluma mlomo.

Kuthandizidwa sankakufuna m'pang'ono pomwe. Nditapita kuti ndikawachapire, anandilanda beseni. Ndikawaphikira phala ankalipatsa mlendo amene wagona m'chipindamo. Ntchito anasiya pokhapokha miyendo itayamba kutupa. Ndiye tsiku lina, mwezi wa Juni, anandiitana n'kundiuza kuti akupita kumudzi.

"Ndikafera kuno andiika konkuno tsiku lomwelo, adzukulu anga osandiona. Ndipo sindikufuna anthu avutike ndi bokosi mtunda wonsewu. Ndipite ndi miyendo yanga idakali yanga."

Dokotala anali atanena kuti ulendo wautali chonchi ndi woopsa. Ndinati ndipita nawo. Anakana kwamtuwagalu, ati ntchito ingandithere. Panali mayi wina wa kumzikiti kwawo amene ankapita ku Mangochi sabata yomweyo, ndipo anagwirizana kuti akhala mpando umodzi.

Tsiku lonyamuka kunali kamvula kowaza kaja ka kuno, kobwera chammbali ndi mphepo. Achemwali anavala chijasi chawo chofiirira, chachimuna, chofika m'akakolo, manja ake opinda kawiri. Nyengo yozizira iliyonse ankavala chimenecho, ndipo aliyense ku Maitland ankawadziwira patali nacho. Pokwera basi tinachita kuwanyamula mbali ndi mbali. Ndinkadikira mawu otsanzika, koma iwo anali pa zina.

"Mtsikana woyembekezera uja ali ndi tsiku la kusikelo Lachinayi. Musamusiye apite yekha, amaopa. Ketulo ija mutenge ndinu. Ndipo musamadye mutaimirira, mwamva?"

"Ndamva, achemwali."

Basi ikunyamuka anagunditsa chikhatho pagalasi la windo, n'kuchisiya pomwepo. Galasi linali ndi nthunzi, moti nkhope sindinaione. Ndinaona chikhatho chokhacho mpaka basi inakhota.

Atafika ku Johannesburg ananditumizira mawu pafoni, kuti asintha basi, miyendo yatupa koma ali bwino. Kenako kunali zii, ndipo sindinadabwe, poti m'maiko a m'njiramo mafoni athu sagwira. Amene anadzandiimbira anali mwana wawo. Ndinali pa mzere wa takisi, ndikuweruka. Nditangomva mmene anapumira asanalankhule, ndinachoka pa mzerepo n'kukatsamira khoma.

Nkhani yonse ndinadzaimva kwa mayi wa ku Mangochi uja. Atawoloka mlatho wa ku Tete, achemwali anamwa madzi, n'kunena kuti agoneko pang'ono. Anadziphimba kumaso ndi mpango. Kunkatentha, ndipo mnzawoyo nayenso anawodzera. Pa chipata cha Zobue kondakitala anawamvera chisoni, anati odwalawo asiyeni agone, ndipo pasipoti yawo anakadinditsa yekha. Ku Mwanza m'pomwe mnzawo uja anayesa kuwadzutsa. Anali atazizira kale. Palibe amene akudziwa ngati anatsirizikira ku Mozambique kapena anali atalowa m'Malawi. Mwana wawo anali akudikira ku Blantyre ndi mdzukulu wamkulu, atatenga mapilo oti awatsamiritse m'minibasi. Anawaika mawa lake ku Machinga.

Ife kuno tinasonkhana m'kachipinda kawo, shehe anapempherera. Ine ndinakhala pakhomo ndi ketulo. Koma thupi sindinalione, manda sindinawaone, ndipo china chake mwa ine chinakana kuvomereza. Kwa ine achemwali anali adakali m'basi, kwinakwake pamsewu, akupita.

Pa londile anandipatsa mnzanga wina wopinda naye, mayi wabwinobwino wolankhula Chikhosa. Sanalakwe kanthu, koma manja anga ankafika pomwe panazolowera kukumana ndi manja ena, n'kupeza palibe, bedishiti n'kugwa. Makina akazima nthawi ya nkhomaliro, m'kachetechete mmenemo ndinkamva khwee, khwee kuseri kwa zowumitsira. Ndikudziwa kuti mwina anali lamba wa makina akutha mphamvu. Komabe sindinkapitako kukaona. Katoni ija inakhala pomwepo miyezi. Wosesa ankasesa mozungulira. Tsiku lina ndinapeza kapitawo ataima pafupi nayo, manja ali m'thumba, ndipo atandiona ananamizira kuyang'ana mita ya magetsi.

M'takisi munthu akakwera atadzola mafuta a kamfa, thupi lonse linkachita tsembwe. Mawu amene ananditumizira ali ku Johannesburg sindinawafufute, komanso sindinkawatsegula. Ndipo anthu anapitiriza kubwera pageti kudzawafunsa, ena atanyamula zikwama, atangotsika kumene basi. Mlonda ankandiitana ine. Ndinanena mawu akuti anamwalira kambirimbiri, kwa anthu osawadziwa n'komwe, koma mawuwo ankatuluka m'kamwa ngati ndikunena za munthu wina.

Nyengo yozizira ikupita kumapeto, tsiku lina tinakhala pakhomo la londile tikudya, tikuyang'ana mvula. Tsidya la msewu, pafupi ndi mpanda wa njanji, panaima munthu wamfupi. Anavala chijasi chofiirira chofika m'akakolo, manja ake opinda kawiri. Kumutu anafunda chitenje, nkhope yosaoneka. Anangoima mumvulamo, akuyang'ana kwa ife.

Buledi anandigwa m'manja. Ndikanati ndi mutu wanga, koma mnzanga wa Chikhosa uja anandigwira mkono mwamphamvu, n'kutchula Mulungu m'chilankhulo chawo. Nayenso ankaona zomwezo.

Munthu uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kuwoloka. Ndinayang'anitsitsa phazi lamanzere. Silinkakokedwa. Atafika pageti anatsitsa chitenje, ndipo anali mtsikana, wakuda bwino, wa masaya ogwa, mimba itatukula mabatani a chijasicho.

"Zikomo," anatero ndi mawu otsika. "Ndikufuna amayi a ku Ntcheu, a chipsera padzanja."

Ndinamuonetsa dzanja.

"Chijasichi wachitenga kuti?"

Anandifotokozera titakhala pansi pa kadenga ka mlonda. Anali wa ku Dowa. Mwezi wa Juni ankapita ku Johannesburg kutsatira mwamuna wake, ndipo basi yawo inawonongeka pa chipata cha Nyamapanda, pakati pa Mozambique ndi Zimbabwe. Anagona pomwepo. Iye anali atangovala bulauzi yopyapyala, poti palibe anamuuza kuti kumene akupita kumazizira. Kutacha kunafika basi ina yopita kumudzi, ndipo anthu anatsitsa mayi wina wodwala n'kumukhazika pamwala kuti awothere dzuwa. Mayiyo anamuona akunjenjemera, n'kumukodola.

"Anandifunsa kuti mimbayi ndi ya miyezi ingati, ndikupita kwa ndani, nanga mwamunayo akudziwa kuti ndikubwera. Nditati sakuyankha foni, anangoti hmm. Kenako anayamba kuvula chijasichi. Ankalephera, moti ndinawathandiza ndine, osadziwa kuti akuvulira ine. Ndinakana, koma anandikalipira. Anati kumene akupita iwo n'kotentha."

"Ananenanso chiyani?"

"Anati zikakakuvuta ku Joni usakadzitaye. Ukakwere ya ku Cape Town, ukafunse Maitland, pa londile. Kuli mng'ono wanga wa ku Ntcheu, ali ndi chipsera padzanja. Ndi waukali pankhope pokha."

Mwamuna uja anamupeza ali ndi mkazi wina. Anapirira miyezi ingapo akugona kwa anthu, mpaka anakumbukira mawu a pamwala paja. Atamaliza kufotokoza anandiyang'ana, nkhope ikuwala pang'ono.

"Anafika bwino kumudzi? Dzina sindinawafunse. Ndimafuna ndidzawabwezere chijasi chawochi akadzabwera."

Ndinawerengera mumtima mtunda wochoka pa Nyamapanda kukafika ku Tete. Linali tsiku lomwelo. Ndinamuuza kuti mayi amene anamupatsa chijasicho anamwalira dzuwa la tsiku limenelo lisanalowe. Aka kanali koyamba kuti mawuwo andipweteke potuluka, ndipo ndinalira pamaso pa mlonda ndi anzanga onse, kulira kumene sindinalire pa mzere wa takisi paja. Mtsikana uja anaimirira, n'kuyamba kumasula mabatani ngati chovalacho chamutentha. Ndinamugwira manja, n'kumumanganso mabataniwo mmodzimmodzi mpaka m'khosi.

"Anakupatsa ali moyo," ndinamuuza. "Si cha maliro ichi."

Madzulo ake ndinaimbira mwana wa achemwali ku Ntaja, n'kumupatsa foni mtsikanayo. Kupatula mayi wa ku Mangochi uja, uyu ndiye anali womaliza kucheza nawo. Ndinkamva mafunso akutuluka mu foni, ang'onoang'ono. Ankaoneka kuti akumva ululu? Anadya kanthu? Anatchulako ana? Mtsikanayo anayankha zimene ankadziwa, osawonjezera. Anati anawaona akutafuna kachidutswa ka lalanje, ndipo anaseka pamene iye anapunthwa ndi kutalika kwa chijasi. Kenako ndinamva mwana wawo akuti, "Anaseka eti," n'kubwerezanso, "anaseka."

Mtsikanayo anakhala m'chipinda changa mpaka anachira, mwana wamwamuna. Kusikelo ndinkapita naye ndine. Pano amagwira ntchito m'nyumba ina ku Parklands, ali ndi kachipinda kake, ndipo Lamlungu lina amabwera kudzandiona. Si onse obwera pageti amene ndimawathandiza. Ndilibe mtima wa achemwali, ndimatopa, nthawi zina ndimauza mlonda kuti anene kuti ndatuluka. Koma ena ndimawatenga.

Chaka chathachi, mwezi wa Disembala, ndinapita kumudzi koyamba chimwalirireni iwo. Ulendo wonse ndinagona bwinobwino, ku Zimbabwe konse ndinadutsa ndikuwodzera. Koma titawoloka mlatho wa ku Tete, tulo tinathawa. Dzuwa linali pamutu, m'basi muli fungo la thukuta ndi malalanje, anthu ambiri atagona. Ndinkayang'ana panja: milambe, mbuzi, matumba a makala m'mbali mwa msewu, ana akugulitsa madzi. Malo aliwonse ndinkadzifunsa ngati panali pamenepa.

Pambali panga panakhala mayi wina wachikulire amene anakwerera ku Johannesburg, wobwerera kwawo ku Mulanje. Tinali titacheza pang'ono, n'kugawana mabisiketi. Titapitirira Moatize anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso chifukwa cha dzuwa, mutu wake n'kutsamira paphewa langa. Ndinapirira pang'ono, ndikuyang'ana ngati chitenjecho chikugwedezeka ndi mpweya. Basi inkadumpha m'maenje, sindinkatha kuona bwino. Ndinamugwedeza.

"Mayi, mayi."

Anavundukula, maso ali psuu. "Tafika pa chipata?"

"Ayi, sitinafike. Imwaniko madzi."

Anamwa, n'kugonanso. Patapita kanthawi ndinamugwedezanso. Kachitatu anakhala tsonga, n'kundiyang'ana mokwiya.

"Kodi inu mwatani? Munthu asagone?"

Ndinapepesa, n'kumuuza kuti ndinali ndi achemwali anga amene anagona pamsewu uno. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mkwiyo ukutsika pang'onopang'ono. Kenako anapinda chitenje chija n'kuchiika pamiyendo.

"Chabwino," anatero. "Sindigona. Tandiuzeni, anali munthu wotani?"

Ndinayamba kumuuza, ndipo tinafika pa Mwanza ndisanamalize.